Sipika imodzi, makotesheni atatu

Sipika imene ndinapempha kusukulu kwathu yafika tsopano ndipo ana a Grade 6 ayamba kuimba nayo. Ndati ndilembe mmene ndayendera, kuti aphunzitsi anzanga a nyimbo muno mu Harare musatope ngati ine.

Musapemphe "zipangizo za kompyuta". Ahedi akangomva mawu amenewo amaona ndalama zambirimbiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinalemba zinthu ziwiri basi: sipika ya Bluetooth yokhala ndi batire, ndi flash. Laputopu ndi yanga yakale. Ndinawakumbutsanso kuti mu 2017 nyimbo zinaikidwa mu phunziro la Visual and Performing Arts, ndipo mwana sangaphunzire nyimbo pongokopera za pabolodi. Anasaina tsiku lomwelo.

Chimene chinandiwawa ndi ku ofesi ya ndalama. Akuti bweretsani makotesheni atatu a masitolo osiyana. Ndinakwera kombi kupita m'tauni ndi ndalama yanga, ndinazungulira dzuwa likuswa mtengo, n'kubwera nawo. Mayi a mu ofesimo anangowayang'ana n'kuti, "Aphunzitsi, chidindo chili kuti?" Nanga osandiuza poyamba paja bwanji? Ndinabwereranso. Zidindo zapezeka, akuti dikirani komiti ya makolo, imakumana kamodzi pamwezi. Koma masitolo anali atalemba kuti mtengowo ndi wa masiku ochepa chabe. Komiti pokumana, makotesheni onse anali atatha ntchito. Sitolo ina inali italembanso mtengo mu madola okha, pomwe a ku ofesi ya ndalama amafuna uonekenso mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe. Tsiku lonse la Loweruka linapita chonchi, kwaya ya ku tchalitchi ndinajomba, ine ndili pamzere kupempha chidindo cha kasipika kokwana m'chikwama.

Choncho yambani mwafunsa tsiku limene komiti ikumane, kenako mupite m'tauni kutatsala masiku awiri kapena atatu. Ndipo musatuluke m'sitolo opanda chidindo.

Ndisanaiwale, mapulogalamu musalipire. MuseScore yolembera manotsi a nyimbo ndi yaulere, Audacity yojambulira mawu ndi yaulerenso. MuseScore 4 imafuna Windows 10 kapena yoposa apo, ndiye laputopu yanga inangolola MuseScore 3, ndipo ikugwira bwinobwino. Koperani zonse kumene kuli WiFi, musunge pa flash. M'kalasi musadalire intaneti kapena magetsi, n'chifukwa chake ndikuti sipika ikhale ya batire, yotchajidwa usiku.

Audacity ndi imene yandisangalatsa kwambiri. Ndimajambula marimba pafoni mbali iliyonse payokha, soprano, tenor, baritone ndi bass, kenako ndimachepetsa liwiro ndi Change Tempo mawu osatsika. Mwana amene amasochera pakati pa nyimbo amamva bwino pamene dzanja lamanzere likulowera. Ndimatumiza pa gulu la WhatsApp la makolo, ana amamvera kunyumba. Polemba manotsi kumbukirani kuti marimba athu a m'masukulu, amene anayambira ku Kwanongoma College ku Bulawayo, ali ndi noti imodzi yokha yoonjezera, F sharp, ndiye lembani mu kiyi ya C kapena G. Ife amene tinakulira solfa ya m'makwaya a CCAP timasokonezeka poyamba, koma kompyuta ikaimba zimene mwalemba khutu limakuuzani lokha.

Kapulogalamu kotchunira ka pafoni musakayandikize ku mbira dzavadzimu, choimbira cha Ashona cha makiyi achitsulo. Kazikuuzani kuti mawu ndi olakwika, pomwe mbirayo ili ndi matchunidwe akeake. Mwana wina anafuna kuyamba kukhoma makiyi kuti foni ivomere, ndinachita kumulanda.

Chidindo chija ndikubwerezanso, pa lisiti pakhalenso chidindo, chifukwa popanda icho sipika siilembedwa m'buku la katundu wa sukulu. Ikalembedwa imagona mu ofesi ya ahedi. Akapita ku msonkhano amapita ndi kiyi yemwe, ndiye itengeni m'mawa ana asanalowe m'kalasi.