Akuti si mtima, nanga n'chiyani?

Achimwene andikhumudwitsa pafoni lero. Ndimawafotokozera zomwe adokotala apeza za ululu wanga wapachifuwa, kuti ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, ili bwinobwino, magazi oyeza troponin, chizindikiro cha kuvulala kwa mtima, alinso bwino, iwo n'kundidula pakamwa: "Ndiye basitu achemwali, ndi nkhawa chabe. Muzipumako." Ndinangoti zikomo, koma m'kati ndikuwira.

Nkhawa yanji yodikira kuti munthu udye chamafuta madzulo, ugone, ndiye ikudzutse pakati pa usiku? Ululu wake umayambira pansi pa nthiti zakumanja, n'kukwera pachifuwa ngati wina wakumanga lamba n'kumakoka, kenako n'kukatulukira kumsana, pafupa la phewa lakumanja. Utembenuke, ukhale tsonga, uyendeyende, osasintha. Ola lathunthu, mwinanso kupitirira, thukuta kamukamu, mseru uli pakhosi. Aliyense angaganize kuti mtima ukuima.

Adokotala aja sanandiseke. Anajambula kachikwama papepala n'kuti iyi ndi ndulu, ili pansi pa chiwindi, imasunga madzi owawa aja opangidwa ndi chiwindi. Ukadya zamafuta imadzifinya kuti madziwo atsikire m'matumbo. Kamwala kakatseka njira, kapena nduluyo ikamalephera kudzifinya bwino, ndiye ululu umenewu. Zoti umamveka pachifuwa, akuti ubongo sulozera molondola komwe ululu wa ziwalo zam'kati ukuchokera, poti mitsempha yake imakakumana mumsana ndi ya malo ena.

Chovuta n'chakuti sikani ya ultrasound sinaonetse mwala ngakhale umodzi. Ukanapezeka bwenzi ndili ndi choonetsa anthu. Pano ndikudikira ina yotchedwa HIDA, yoona kuchuluka kwa madzi omwe ndulu imatulutsa ikadzifinya. Akachepera 35 pa 100 alionse, akuti tidzakambirana zoichotsa. Munthu amakhala ndithu wopanda ndulu, madzi aja amangodontha okha kuchoka kuchiwindi kupita m'matumbo. Ndamva, koma mawu oti opaleshoni sakundikhala bwino.

Anandichenjezanso kuti ndisatayirire. Thupi likatentha, maso akachita chikasu, kapena ululu ukakana kutha, ndithamangire kuchipatala. Chimodzimodzinso pachifuwa pakapweteka ndikubanika, kapena ululu ukulowera kumkono kapena kunsagwada, ndisamati ndi ndulu ija, chifukwa kudwala ndulu sikuletsa mtima kudwala. Apa mpomwe pakundisokoneza. Usiku uli wekha, ukubuula, usiyanitsa bwanji?

Masiku ano ndayamba kuopa mbale. Ndimayang'ana mafuta akuyandama pamwamba pa ndiwo n'kuyamba kuwerengera maola otsala kuti ndigone. Munthu wokonda kudya ngati ine! Mwina n'chifukwa chake ndikupsa mtima msanga, ndi njala chabe. Madzulo ano ndadya pang'ono, zowiritsa zokhazokha, ndipo mpaka pano kuli zii.

Nanga HIDA nayo ikadzatuluka yabwinobwino, ndidzati chiyani?