Sabata yotsiriza ndi korona kumutu

Lolemba m'mawa anandipatsa pepala la ntchito za sabata yanga yomaliza. Mzere wotsiriza unali waufupi: "Loweruka, kupereka korona." Ndinauwerenga kawiri ndili mu ofesi ya okonza mpikisano wa chiphadzuwa. Pambali panga panali amayi amene akhala akundiperekeza chaka chonsechi, akusokerera lamba wanga wa pachifuwa uja wolembedwa udindo. Wachapidwa kambirimbiri moti zilembo zake zayamba kusuluka.

Anthu ambiri amaona ngati kukhala chiphadzuwa n'kungomwetulira ndi kubayibitsa anthu. Koma ndi ntchito, ndipo ili ndi kontirakiti yake. Yanga inkanena malo oyenera kupitako, makampani oyenera kuwatchula pa Instagram ndi pa Facebook, ndiponso nkhani zimene sindiyenera kuyankhulapo pagulu. Ndinaisayina usiku womwewo umene ndinapambana, manja akunjenjemera ndi chisangalalo, osawerenga ngakhale theka. Zambiri zimene zandivuta chaka chino zinali m'masamba amenewo.

Lachiwiri linali tsiku lojambulitsa zithunzi zotsanzikira. Ndinaima pa gogoda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo madzulo wojambula ananditumizira zithunzi pa WhatsApp kuti ndisankhe. Nditatsegula choyamba, mtima unangoti myuu. Khungu analiwalitsa, mphuno anaichepetsa, ndipo chipsera cha pachibwano chimene ndakhala nacho kuyambira ndili mwana anachifufuta. Munthu wa pachithunzicho anali wokongola ndithu, koma mayi anga akanamudutsa panjira osam'patsa moni.

Sikunali koyamba. M'mwezi wachitatu zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo nthawi imeneyo ndinangokhala chete poopa kutchedwa wovuta. Chithunzicho chinaikidwa pa zikwangwani. Patapita masabata angapo, ndili pa sukulu ina, kamtsikana kena kanandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Aunti, koma pachithunzi paja ndinu oyera." Sikankandinyoza. M'mawu ake munali kukhumudwa, ngati kuti munthu weniweni amene kankamuyembekezera sanabwere. Kanali kakuda ngati ine. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti kaphunzirapo chiyani pa nkhope yake yomwe.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukana. Kampani ina yogulitsa mafuta oyeretsa khungu itabwera ndi ndalama zoposa zonse zimene ndinali nditalandirapo, ndinakana, ngakhale ena ankati ndikutaya mwayi. Ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi mercury, yemwe amawononga impso ndi mitsempha, ndipo mu 2023 mayiko amene ali mu pangano la Minamata, lothana ndi kuopsa kwa mercury, anagwirizana zothetseratu zodzola zonse zothira mercury. Koma kunena zoona, chimene chinandikanitsa si pangano limenelo. Ndinkangoona nkhope ya kamtsikana kaja.

Choncho Lachiwiri usiku ndinamuimbira wojambula uja. Ndinamuthokoza chifukwa cha luso lake, chifukwa ndi waluso zedi, kenako ndinamupempha kuti akonze kuwala kokha, nkhope aisiye mmene ilili. Anadandaula kuti umu ndi mmene aliyense amachitira. Ndinamukumbutsa za Zozibini Tunzi wa ku South Africa, amene anapambana Miss Universe ku Atlanta mu 2019 ali ndi tsitsi lake lachilengedwe lalifupi, wopanda wigi. Anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti atumiza zina. Zinafika usiku kwambiri, chipsera chili pamalo pake.

Lachitatu tinapita ku sukulu imene ndakhala ndikugwira nayo ntchito yothandiza atsikana kuti asamajombe akakhala kumwezi. Masiku ano pafupifupi mpikisano uliwonse umafuna kuti wopambana akhale ndi ntchito yachifundo. Ku Miss World mwambo umenewu unakhazikika mu 1972, pamene Julia Morley anayambitsa Beauty with a Purpose, patatha zaka zoposa 20 kuchokera pamene Eric Morley anayambitsa mpikisanowo ku London mu 1951. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndimachikhulupirira ndi mtima wonse. Koma ndaona kuti pamenepa ndi pamene munthu amayesedwa kwambiri. Kamera ikakhalapo, n'zosavuta kuti mwana wolandira thandizo asanduke chokongoletsera chithunzi chako. Mtsikana wa zaka 13 amene walandira mapadi safuna kuti nkhope yake izungulire pa intaneti atawanyamula m'manja. Ndinayamba kupempha kuti azijambula ine ndi aphunzitsi okha, atsikana ayi. Zithunzi zoterozo sizikopa anthu ambiri, ndipo otithandiza ndi ndalama anadandaulapo. Koma atsikanawo anayamba kumasuka, kufunsa mafunso amene sakanafunsa kamera itawaloza.

Tsiku limenelo korona ndinamusiya m'galimoto. Aphunzitsi aakulu anandigwira dzanja potsanzikana n'kufunsa kuti, "Ndiye mukapereka ufumuwu, kunonso ndiye basi?" Ndinawauza kuti ndibwera mwezi wamawa pa tsiku lomwe tinazolowera. Funso lawolo linali loyenera. Aona anthu ambiri akubwera ndi zovala zonyezimira n'kuzimiririka udindo ukatha.

Lachinayi ndinagona kumalo kumene opikisana a chaka chino akukonzekerera. Masana kunali kuyeserera kayendedwe ndi kayankhidwe ka mafunso. Usiku, anzake atagona, mmodzi anagogoda pachitseko changa ali ndi kope lodzaza ndi mayankho oloweza pamtima.

"Achemwali, tandithandizeni. Ndiyankhe bwanji kuti majaji andikonde?"

Ndinamupempha kuti awerenge yankho limodzi. Linali losalala bwino, lokamba za kulimbikitsa amayi ndi kusintha dziko, ndipo aliyense mwa atsikana aja akanatha kulinena. Ndinatseka kopelo n'kumufunsa chimene chimamusowetsa tulo. Anazengereza, kenako anayamba kufotokoza za mlongo wake amene ali ndi vuto la kumva, ndi mmene banja lonse linaphunzirira chinenero chamanja kuti mnyamatayo asamakhale yekhayekha m'nyumba yodzaza anthu. Ankalankhula manja ake akuyenda okha. Ndinamuuza kuti, "Mng'ono wanga, zimenezi n'zimene ukanene. Sindikulonjeza kuti upambana nazo. Koma ukapambana ndi za m'kopemu, udzayenera kukhala munthu wa m'kopemu chaka chathunthu, ndipo zimatopetsa kuposa gogoda."

Kutopa kumeneko ndikukudziwa. M'mwezi wachisanu ndi chiwiri ndinalira m'galimoto tikuchokera ku mwambo wachitatu tsiku limodzi, nditawerenga zimene anthu osandidziwa analemba za thupi langa. Amayi ondiperekeza aja anaimitsa galimoto, n'kundilanda foni, n'kunena kuti, "Mwana wanga, lira umalize, akudikira adikire." Usiku umenewo ndinalemba kalata yotula pansi udindo, koma sindinaitumize. N'chifukwa chake sindiweruza Noelia Voigt, amene anatula udindo wa Miss USA mu May 2024 ponena kuti akuteteza thanzi lake la maganizo, kapena UmaSofia Srivastava amene anasiya wa Miss Teen USA patangopita masiku awiri. Ine ndinapitiriza chifukwa ndinapempha tsiku limodzi lopuma pa sabata ndipo anandipatsa, komanso ndinayamba kuonana ndi mlangizi. Akanakana, mwina kalata ija ikanapita.

Mtsikana uja anandifunsanso ngati mipikisanoyi ingasinthe. Ndinamuuza kuti ikusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Mu 1974 Helen Morgan anatula udindo wa Miss World atangokhalapo masiku anayi, manyuzipepala atamusautsa chifukwa anali ndi mwana asali pabanja. Miss Universe inayamba kulola amayi apabanja ndi a ana mu 2023, ndipo chaka chotsatira inachotsa malire a zaka 28. Zonsezi sizinangogwa kumwamba. Panali amayi amene anafunsa mafunso ovuta, ena n'kutaya nazo maudindo.

Lachisanu kunali kuyeserera komaliza pa nsanja, kuyesa magetsi ndi maikolofoni. Anandipatsa mawu otsanzikira olembedwa kale. Ndinasunga mayina a oyenera kuwathokoza, zina zonse ndinalemba ndekha.

Loweruka ndinayenda ulendo wanga womaliza pa nsanja, mawu anga akumveka pa zokuzira mawu. Ndinaona mayi anga pamzere wachitatu atagwira kukamwa. Atalengeza wopambana, sanali mtsikana wa kope uja. Iye anathera pa nambala yachitatu, atayankha funso lake ndi pakamwa komanso ndi manja, holo yonse ili zii. Ndinachotsa mapini anayi amene amagwira korona kutsitsi, ndipo mutu unapepuka mwadzidzidzi moti ndinachita kugwira pamene ankakhala. Wopambanayo ankanjenjemera ngati mmene ndinkachitira ine chaka chatha. Ndinamuveka lamba watsopano, ndinakhazika korona bwinobwino kuti asapendekeke, ndipo pomukumbatira ndinamunong'oneza kukhutu kuti, "Pepala lililonse limene akupatse usiku uno, usasayine. Ndibwera Lolemba tidzawerengere limodzi."