Ndinapita ku Zomba kukafuna achimwene a anganga mu nyuzi zakale

Anganga anga, mayi awo a mayi anga, ali ndi kachitini ka mabisiketi kadzimbiri kamene kamakhala pansi penipeni pa sutikesi, ndipo ife tili ana tinkadziwa kuti ukakagwira kameneko waputa mkwapulo. Mkatimo muli kalata imodzi yokha, pepala lake linafewa ngati nsalu mopindamo. Inachokera kwa achimwene awo amene analowa Keyala, gulu la asilikali la King's African Rifles, nthawi ya nkhondo ya Hitler, anganga ali kamtsikana kongotumidwa kukatunga madzi kunyanja. Ananyamuka kumudzi, njira yaku Malindi uko, kupita ku boma ku Mangochi, kuchoka apo ku Zomba, basi mpaka lero.

Anzawo anabwera cha m'ma 1946 ndi majombo, makhoti aatali, ena anagula njinga ena makina osokera. Wina anati anawaona komaliza pamtsinje wina ku Burma, wina anati ayi anakwatira ku Nairobi, aliyense zake. Mayi awo anakana kupanga sadaka, amvekere munthu sitimupangira sadaka tisanamve kuti wamwalira, ndipo anamwalira iwowo akudikirabe. Ndiye chaka chatha titakhala pakhonde tikutola mpunga anganga anangoti "iwe mwanawe, ine ndipita ndisanawapangire kalikonse achimwene anga." Anayankhula motsitsa kwambiri osandiyang'ana n'komwe, koma ine usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ndinayambira pompano pa boma poti ndi pafupi. Pa chipilala cha wotchi paja pafupi ndi buliji pali mfuti ya sitima ya Guendolen, ija inakathira nkhondo sitima ya Majeremani Hermann von Wissmann ku Liuli mu Ogasiti 1914, palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndinawerenga zonsezo mofatsa kwa nthawi yoyamba ngakhale ndadutsapo kambirimbiri pa kabaza, koma za munthu wathu ayi. Mkulu wina amene anaphunzitsako histole ndi amene anandiuza kuti mwana wanga kwera minibasi upite ku National Archives ku Zomba, ukafunse nyuzi za nthawi ya nkhondo.

Ndinanyamuka m'mamawa kudzera pa Liwonde, kalata nditaijambula pa foni poti anganga sakanalola kuti ituluke m'nyumba. Anthu a kumeneko anandilandira bwino, ananditulutsira mabuku akuluakulu omangidwa pamodzi a Nyasaland Times ya 1943 ndi 1944, olemera kunyamula ndi dzanja limodzi. Mapepala achikasu, m'mbalimu akuthothoka okha ukangofulumira pang'ono, kafungo kake ngati ka m'nkhokwe yakale. Umatsegula ndi manja awiri ngati ukutembenuza khanda.

Choyamba chimene ndinaphunzira n'choti osafufuza mawu oti Mangochi, simuwapeza ngati dzina la boma lathu. Nthawi imeneyo kunali Fort Johnston. Chachiwiri, nyuziyo inali ya azungu yolembera azungu anzawo, ndiye muli mitengo ya fodya ndi tiyi, zotsatsa malonda za masitolo aku Blantyre, magule osonkhetsa ndalama za nkhondo, ndani wabwera ndani wapita ku tchuthi. Nkhani za nkhondo zilimo ndithu, zambiri, ndipo mzungu akavulala kapena kumwalira umapeza dzina lake, udindo wake, nthawi zina mpaka esiteti imene ankagwirako ntchito. Koma anthu athu kawirikawiri ndinkangowapeza ngati gulu, asikali, asikali a Nyasaland amenya bwino, asikali awoloka mtsinje. Ndinakhala masiku awiri ndikuyendetsa chala pa mizere imeneyo ndipo panafika poti ndinangotseka bukulo n'kutuluka panja kaye, chifukwa mtima unandiwawa zedi. Anthu amenewa anali ndi mayina, anali ndi alongo awo owadikira kumudzi.

Komabe sindinganene kuti nyuzi sizinandithandize, zinandithandiza kwambiri kulumikiza ulendo wawo. Kalata ija pamwamba pake pali mawu oti Ceylon ndi chaka cha 1943, ndipo anganga moyo wawo wonse ankaganiza kuti limenelo ndi dzina la mzungu amene ankawalamulira. Ceylon ndi Sri Lanka wa lero. Gulu la 11th East African Division, mmene munali mabataliyoni a King's African Rifles ochokera kuno kwathu pamodzi ndi aku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, komanso asilikali aku Northern Rhodesia, linapita kumeneko mu 1943 kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 anawatumiza ku Burma kukathamangitsa Majapani m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu ija, matope ofika m'mawondo, malungo ndi kamwazi zikugwetsa anthu osawerengeka, mpaka anakafika pamtsinje wa Chindwin cha ku Kalewa kumapeto kwa chakacho. Nditawerenga za Chindwin ndinakumbuka mkulu uja amene anati anawaona komaliza pamtsinje. Thupi lonse linachita tsembwe.

Panalinso nkhani ina imene inandisokoneza kwa kanthawi, ya sitima ya Khedive Ismail imene Majapani anamiza pa 12 Febuluwale 1944 ikupita ku Ceylon, munafa anthu oposa 1,200 ambiri mwa iwo asilikali a ku East Africa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina anathera m'madzi, koma deti la pa kalata linandibweza, iwo anali atafika kale ku Ceylon sitimayo isanamire.

Chimene chinatsegula chitseko ndi nambala. Bambo wina wofufuzafufuza amene tinakhala tebulo limodzi anasuzumira pa foni yanga n'kundifunsa kuti kodi achimwene, manambala awa oyamba ndi DN mwawaona? Imeneyo ndi nambala ya usilikali, ya anthu olembedwa ku Nyasaland, ndipo anati siyani kulimbana ndi dzina, dzina limasintha koma nambala sisintha. Zoonadi, makalaliki a nthawiyo ankalemba mmene amvera, L kukhala R, ena kuphatikiza Che uja waulemu ndi dzina lenileni kukhala liwu limodzi, ena kulemba dzina la bambo kapena la mfumu ngati la munthuyo, komanso anyamata ena ankapereka dzina lina dala kuti akwawo asawaletse. Anandionetsa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi mayina a asilikali ofera kunkhondo, yaulere, umangofunika bandulo basi.

Usiku ku resiti hausi netiweki ikuvutavuta ndinalemba nambala ija. Linatuluka dzina limodzi. Kalembedwe kake kopotoka moti ndikanafufuza ndi dzina ndikanalidumpha, koma ukalitchula mokweza ndi lomwelo limene anganga amatchula. King's African Rifles, anamwalira mu Novembala 1944, dzina lili pa Rangoon Memorial. Chipilala chimenechi chili m'manda a Taukkyan kunja kwa mzinda wa Yangon (Rangoon wakale) ku Myanmar, Burma wa nthawiyo, pali mayina pafupifupi 27,000 a anthu amene anafera ku Burma koma manda awo sadziwika. Ndinayerekeza nambala ija ndi ya pa kalata kasanu konse, digiti imodzi imodzi, kenaka ndinangokhala pa bedi mpaka magetsi anazima.

Ndikudziwa kuti ife tachita mwayi. Bungwe lomwelo linavomera lokha mu lipoti la 2021 kuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a mu Africa muno ndi ku Middle East, sanalembedwe mayina paliponse. Ganizirani amtengatenga onse aja ananyamula katundu pamutu kuchoka kuno kulowera ku Tanganyika, mabanja awo angalembe nambala yanji? Ndiye ngati kwanu kuli kalata, mendulo, kabuku ka malipiro kapena chilichonse cha agogo amene anapita ku Keyala, chonde jambulani lero lomwe chiswe chisanadye, makamaka pamene pali nambalapo, ndipo afunseni akuluakulu akadali moyo dzina la mfumu ya nthawiyo ndi mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo.

Nditabwerera ndinakapulintitsa pepalalo pa boma n'kuliika mu pulasitiki. Ndinawapeza anganga atakhala pamkeka, ndinagwada n'kuwauza pang'onopang'ono, kuti anganga achimwene anu sanakwatire ku Nairobi, sanakutayeni, anamwalira kunkhondo ndipo dzina lawo analilemba pamwala kudziko lakutali. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti "mudzi wathu analemba?" Ndinati ayi anganga, dzina ndi gulu lawo basi. Anandiuza ndiwaloze pamene pali dzinalo poti kuwerenga satha, anaikapo chala n'kumasisita pulasitikiyo.

Pepalalo lili m'kachitini muja tsopano pamodzi ndi kalata. Amalume apita kale kukalankhula ndi ashehe, sadaka tipanga tikakolola, ndipo anganga anena kuti mpunga wake asankha okha.