Ma volts awiri amene ankasowa pa bwato la amalume

Mwezi ukalowa mumdima, asodzi a usipa ku Senga Bay sagona. Amalume anga ndi siginala, ndiwo amakhala pa bwato la nyale kukopa usipa kuti anzawo auzinge ndi chilimira. Sabata yathunthu ankabwera m'mawa akudandaula kuti mababu awo anayi akuwala ngati koloboyi, ndipo anali atatsimikiza zogula batire lina.

"Amalume, mundilole ndiyeze kaye musanataye ndalama," ndinawapempha.

"Yeza mphwanga, koma batire limeneli latha."

Ndinatenga multimeter, chipangizo choyezera magetsi chija timangoti mita, n'kuitchera pa DC 20V. Mababu ali chizimire, batire linaonetsa ma volts 12.5. Kawirikawiri batire lakufa silifika pamenepo. Komabe kuyeza magetsi asakugwira ntchito kumabisa zambiri, choncho ndinayatsa mababu onse n'kugunditsa timawaya ta mita pa mitu yeniyeni ya batire: 12.2. Nditapita pa babu ndinapeza 10.2 basi.

Apa ndinadalira lamulo limene Gustav Kirchhoff analemba mu 1845 akadali pasukulu ku Königsberg. Likuti ukazungulira seketi yonse (njira imene magetsi amadutsa) n'kubwerera pamene unayambira, voteji (mphamvu yokankha magetsi, yoyezedwa mu ma volts) yotsika pa chidutswa chilichonse ukaiphatikiza iyenera kufanana ndi imene batire likupereka. Batire likupereka 12.2, babu likulandira 10.2. Ma volts awiri otsalawo sangathawire m'nyanja, ali penapake pakati pa batire ndi babu.

Ndisanawasake ndinafuna kudziwa ngati karenti, magetsi oyenda mu waya, ikudontha. Kuyeza karenti n'kosiyana ndi kuyeza voteji. Umasamutsa kawaya kofiira n'kukalowetsa pa bowo la 10A, kenako umamasula waya kuti magetsi adutse m'kati mwa mita. Chonde, mita ikakhala choncho musaigunditse pa mitu iwiri ya batire. Ine ndinapsereza fyuzi mwanjira imeneyo ndikungoyamba kuphunzira, ndipo zikanatha kundiwotcha dzanja. Pa waya wochoka ku batire ndinapeza 3.2 amps. Pa nthambi ya babu lililonse ndinapeza 0.8, ndiye kuti anayi onse ndi 3.2 yomweyo. Lamulo lina la Kirchhoff likuti karenti yolowa pa mphambano iyenera kufanana ndi yotuluka, ngati madzi a mu ngalande za mpunga ku Lifuwu akamagawikana. Palibe chimene chinkadontha.

Ndinabwezera mita pa voteji, mababu akuyakabe, n'kuyamba kulondola chidutswa ndi chidutswa, kawaya kamodzi kuno kena uko. Waya wofiira unkadya 0.3, wakuda 0.3, switchi 0.1. Zonsezo ndi 0.7, ndipo kunatsala 1.3. Ndinaika kawaya kamodzi pa mutu wa batire, kena pa chopanira chake, zitsulo ziwiri zogundana zimene zimayenera kuonetsa ziro. Mita inati 1.3.

Ndi lamulo la Georg Ohm la 1827, ukagawa voteji ndi karenti umapeza resistance, kutanthauza mmene chinthu chikutchingira magetsi kudutsa: 1.3 kugawa ndi 3.2 ndi pafupifupi 0.4 ohms. Nambalayo ikuoneka yochepa, koma pa magetsi a 12 volts ndi yaikulu zedi. Ma watts anayi ankathera pamenepo kusanduka kutentha. Ndinauza amalume kuti akhudze chopaniracho.

"Iii, chikufunda!" anatero akubweza dzanja.

Titamasula tinapeza ufa wobiriwira ndi dzimbiri zitamatirira m'kati, ntchito ya chinyezi cha panyanja ndi asidi. Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kumanga zolimba, n'kupaka girizi pamwamba. Nditayezanso pa babu ndinapeza 11.4. Zotsalazo zikudyedwa ndi mawaya, omwe ndi opyapyala, ndipo tagwirizana kuti mwezi ukawala, asodzi akapuma, tidzaike a 2.5 mm².

Madzulo amenewo ndinakhala pamchenga mpaka bwato lawo linafika patali, ndikuwerenga nyale zinayi zija pakati pa za anzawo.