Dziwe la m'nkhalango ya kwathu ku Domue

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu ku Mozambique, pa Ulongue m'mamawa wa Loweruka, mwezi wa Disembala uno, kupita ku Domue, kwawo kwa mayi anga. Mvula inali itagwa usiku wonse, msewu uli tereretere, moti tinafika dzuwa litakwera kale. Atsibweni anandichingamira pamsika. Ndisanatule n'komwe chikwama anati, "Tiye mphwanga, ukalione dziwe lija umandivuta nalo pafoni."

Tinadutsa minda ya chimanga ndi mbatatesi, phiri la Domue, lija loposa mamita 2,000, lili kumbuyo kwathu litafunda nkhungu. Titalowa m'nkhalango, mpweya unasintha. Kunazizira, ndipo kunkanunkhira masamba onyowa. Mitengo yambiri inali ya mombo ndi masuku. Masuku omaliza a chaka chino anali mbwee pansi, ena ataphulika, njuchi zikuwazungulira. Ndinatola limodzi, n'kulifinya, n'kuyamwa. Kukoma kwake kunandikumbutsa agogo anga amene ankatisungira masuku m'lichero. Patsogolo tinakumana ndi amayi awiri atasenza bowa wa utale, wina waukulu ngati mbale ya nsima.

Atsibweni anandiuza kuti pamene tinkapondapo kale panali minda. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itavuta, mudzi wonse unathawira ku Dedza, ndipo pobwerako mtendere utasainidwa mu 1992 anapeza mitengo itaphukira yokha pazitsa. Amfumu analamula kuti chigawo chozungulira dziwe chisalimidwenso. Mawu amenewo ndi amene asunga malowa mpaka lero.

Dziwelo si lalikulu, mwana wolimba akhoza kuponya mwala n'kufika tsidya. Koma lili ndi moyo. M'mbali mwake muli bango ndi mlulu, ndipo madzi a m'mphepete anali bii ndi mbululu. Ndinakhala pamwala kwa nthawi yaitali ndikuyang'ana nantchengwa akusuntha matope ndi phazi kuti achule atuluke. Chisa chake chinali pamphanda ya mkuyu, chachikulu ngati kankhokwe. Atsibweni anandiletsa ngakhale kuchiloza. Atombolombo ofiira ankatera pansonga za udzu, mlamba n'kumavundula madzi chapakati.

"Dziwe limeneli silinaphwepo, ngakhale mu Okutobala," anatero. "Zitsime za kumudzi zikauma, ng'ombe zonse zimamwera pano."

Pobwerera tinadzera njira yakumtunda, ndipo kumeneko mtima unandiwawa. Tinapeza zitsa zatsopano zoposa khumi ndi uvuni wa makala ukufuka utsi. Sindingamunyoze wowotchayo, feteleza wakwera ndipo ana akufuna makope. Komabe madzi a mvula anali atayamba kale kukumba kangalande kofiira kolunjika kudziwe.

Atsibweni anaima, anakhudza chitsa chimodzi cha msuku chimene chinali chisanaume, nati Lolemba akalawirira kwa amfumu. Ndinawapempha kuti akandiimbire foni akakachokako.