Mmene ndinasankhira bolodi lophunzirirapo overclocking

Ndinayambira pa pulosesa, bolodi linabwera pambuyo. Motherboard iliyonse, lomwe ndi bolodi lalikulu polumikizidwa zida zonse za kompyuta, imakhala ndi soketi, polowera pulosesa, ya mtundu umodzi wokha, ndiye ukathamangira kugula bolodi chifukwa lakusangalatsa maonekedwe, ndiye kuti lakusankhira kale pulosesa. Ine chimene ndinkafuna chinali kuphunzira overclocking, kuthamangitsa pulosesa ndi RAM kupitirira liwiro lomwe zinachoka nalo kufakitale, koma osawotcha kanthu.

Ku Intel malamulo ndi okhwima. Pulosesa iyenera kukhala ndi chilembo K kumapeto kwa dzina, monga Core i5-13600K kapena i5-14600K, ndipo bolodi likhale la chipset (kachipangizo kolamulira zomwe bolodi limalola) choyamba ndi Z: Z690 kapena Z790 pa soketi ya LGA1700, kapena Z890 pa LGA1851 yomwe inatuluka mu 2024. Mukaika pulosesa ya K pa bolodi la B760 iyaka bwinobwino, RAM muithamangitsa ndithu, koma multiplier ya pulosesayo, nambala yomwe mumakweza kuti ithamange, imakhala yokhoma. Ndalama ya K ija mwangotaya. AMD ndi yomasukirapo. Pafupifupi Ryzen iliyonse ya makompyuta a padesiki ndi yosakhoma, ndipo mabolodi apakatikati monga B550 pa soketi ya AM4 ndi B650 pa ya AM5 amakulolani kusintha zonse. A520 ndi A620 ndiwo amakana kuthamangitsa pulosesa. Ndinakhazikika pa Ryzen 5 7600, ya ma core 6 (timitima togwira ntchito m'kati mwa pulosesa), yomwe payokha imafika 5.1 GHz. Imalowa pa AM5, soketi ya mu 2022 yomwe imalandira DDR5 yokha. Amene mukupita ku LGA1700 muwerenge dzina la bolodi mpaka kumapeto, chifukwa ena ndi a DDR4, ena a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina silowa pa unzake.

Za X670, chipset yapamwamba ya AM5, sindinataye nazo nthawi. Imawonjezera malo a USB ndi a ma SSD, koma siwonjezera ngakhale MHz imodzi pa pulosesa. Ndinatsala ndi mabolodi a B650, ndipo alipo ambirimbiri.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa VRM, gawo la bolodi lotsitsa magetsi opita ku pulosesa. Power supply imatumiza ma volt 12, pomwe pulosesa imadya pafupifupi volt imodzi ndi pang'ono. Ntchito yotsitsa magetsiwo imagwiridwa ndi tizipangizo tondandalika kumanzere ndi kumtunda kwa soketi, ndipo pa pulosesa yaikulu timadutsitsa ma ampere opitirira 100. Timatentha. Tikatentha mopitirira, bolodi limadziteteza potsitsa liwiro la pulosesa, ndiye inu mukukweza mu BIOS, pulogalamu ya m'bolodi momwe mumasinthira zinthu, ilo likubweza mwakachetechete. Pa katoni amalemba manambala monga 8+2+1 kapena 14+2+1, ndipo yoyambayo ndi ma phase, magawo a VRM, odyetsa ma core. Otsatsa amaikonda nambala imeneyi, koma payokha sinena zonse. Ndinkayang'ananso kuti gawo lililonse limapirira ma ampere angati, kaya 60A kaya 80A, kenako n'kukulitsa chithunzi cha bolodi kuti ndione zitsulo zoziziritsa. Mabolodi ena otchipa amavala chitsulo kumanzere kokha, mzere wa kumtunda uli pamtunda mbee, timabokosi takuda tikuoneka. Amenewo ndinawachotsa pamndandanda. Ndinkafuna chitsulo chochindikala, chokhala ndi mipata yodutsa mpweya, chomangidwa ndi masikuluwu osati timapini tapulasitiki. Kunena zoona, pulosesa ya 65W ngati yangayi sivutitsa VRM yapakatikati. Koma soketi yomweyi imalandira ma core 12 ndi 16, ndipo sindinkafuna kudzagulanso bolodi tsiku lomwe ndidzasinthe pulosesa. Ndinafufuzanso anthu amene anayeza kutentha kwa VRM pulosesa ikugwira ntchito yolemetsa, chifukwa nambala yoyezedwa imaposa yolembedwa pakatoni.

Komabe, kwa wophunzira, chofunika kwambiri pa bolodi ndi njira yobwerera. Overclocking ndi kukweza pang'onopang'ono mpaka kompyuta itakana, kenako n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kukanako kumabwera ndithu: mumadina batani, mafani akuzungulira, sikirini ili bii. Apa m'pamene mabolodi amasiyanirana. Lina lili ndi batani la Clear CMOS kumbuyo, pafupi ndi malo a USB, mungodina BIOS n'kubwerera mwakale. Lina limafuna mutsegule bokosi, mufunefune timapini tiwiri ndi tochi, mutigunditse ndi sikuludiraiva, apo ayi muchotse batire la CR2032, lomwe kawirikawiri limabisala pansi pa graphics card. Kuchita zimenezi kamodzi si nkhani. Kuzichita mobwerezabwereza usiku umodzi kumagwetsa ulesi, munthu n'kungosiya kuphunzirako.

Chachiwiri ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, kutanthauza pulosesa, RAM, graphics card ndi diski yoyatsira kompyuta. Kompyuta ikakana kuyaka, kamene katsala koyaka kamakuuzani pomwe yaima. Mabolodi odula ali ndi kasikirini koonetsa manambala awiri, koma timagetsi tinayi timakwana. Chachitatu ndi batani lolowetsera BIOS yatsopano popanda pulosesa. ASUS amati USB BIOS FlashBack, Gigabyte amati Q-Flash Plus, MSI amati Flash BIOS Button. BIOS yatsopano si nkhani ya kukongoletsa ayi. Mu 2023 mapulosesa ena a Ryzen 7000 anapsa chifukwa voteji ya SoC, gawo la pulosesa lomwe mwa zina limalamulira RAM, inkakwera kwambiri, mpaka AMD inatulutsa kusintha koletsa kuti isapitirire 1.3V. Bolodi lomwe lakhalitsa m'sitolo likhoza kukhala ndi BIOS yakale.

Zotsalazo ndinadutsa mwachangu. ATX ndi mamilimita 305 kwa 244, micro-ATX 244 kwa 244, mini-ITX 170 kwa 170. Ndinatenga ATX chifukwa bokosi langa linkalola, ndiponso zala zimapeza poyenda. Pa webusaiti ya opanga bolodi ndinatsegula mndandanda wa QVL kuti ndione ngati RAM yomwe ndinkafuna, DDR5-6000 yokhala ndi EXPO (makonzedwe okonzeratu othamangitsira RAM), anaiyesapo pa bolodi limenelo. Ndinagula ziwiri, osati zinayi, popeza DDR5 ikadzaza mipata yonse inayi imavuta kuthamanga. Magetsi amitundumitundu okongoletsa aja sindinawawerengere n'komwe.

Bolodi litafika ndinaligoneka pa katoni yake, n'kulumikiza waya wa mapini 24 ndi wa mapini 8 basi. Fayilo ya BIOS ndinaiika pa fulashi ya FAT32, n'kuisintha dzina monga kabuku kananenera, n'kuilowetsa pa malo a USB ozunguliridwa ndi kamzere koyera. Nditadina batani, kagetsi kanayamba kuphethira. Apa sugwira kanthu, ndipo magetsi asazime mpaka kuphethirako kutatha. Kenako ndinaika pulosesa, choziziritsira, ndi RAM m'mipata ya A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa soketi. Poyatsa koyamba kagetsi ka DRAM kanakhala koyaka kwa kanthawi ndithu, sikirini ilibe kanthu. Mtima umagunda, koma imeneyi ndi memory training, bolodi likuyesa RAM, ndipo pa DDR5 zimatha kutenga mphindi zingapo.

Mu BIOS, momwe mumalowa podina Delete, RAM inkaoneka pa 4800. Ndinayatsa EXPO, yomwe ku Intel amati XMP, n'kufika 6000. Imeneyo ndi overclocking kale, ndipo ndi yosavuta kuposa ina yonse. Ndinaiyesa ndi pulogalamu ya MemTest86 ndisanakhudze china chilichonse, chifukwa ukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi sudziwa chomwe chagwetsa kompyuta. Itapambana ndinapita ku Precision Boost Overdrive ndi Curve Optimizer, makonzedwe a AMD a mu BIOS othamangitsira pulosesa. Curve Optimizer imachepetsa voteji kuti pulosesa izizire n'kumadzikweza yokha. Ndinayambira pa -10, n'kumatsika pang'onopang'ono, uku ndikuyendetsa Cinebench ndi OCCT, mapulogalamu olemetsa pulosesa, HWiNFO ili pambali kuonetsa kutentha. Ryzen 7000 inapangidwa kuti izifika mpaka madigiri 95, ndiye nambala yokwera isakuopseni msanga. Pamzere wa VRM pomwepo ndinaona kuti zitsulo zija zikugwira ntchito yake, kutentha kunali kutali ndi malire. Chodabwitsa cha Curve Optimizer n'chakuti ikapitirira, kompyuta imatha kupirira mayeso olemetsa koma n'kuzima muli pa intaneti kapena mutangoisiya osaigwira. Choncho nambala iliyonse ndinkaigwiritsa ntchito masiku angapo ndisanaikhulupirire.

Musayembekezere zozizwitsa. Mapulosesa amakono amadzikweza okha kufika pafupi ndi malire awo, ndiye chowonjezera chimakhala chochepa, ndipo opanga amanena poyera kuti chowonongeka chifukwa cha overclocking salipira. Nambala zikakhazikika, zisungeni ngati profile mu BIOS, muzikoperenso pa fulashi ndi kuzilemba papepala, chifukwa Clear CMOS imabweza zonse mwakale, ndipo profile yosungidwa pa BIOS yakale nthawi zambiri imakana kutseguka mukalowetsa yatsopano.