Timadontho toyera m'zithunzi za chinkhoswe cha ku Chirimba

Flash yaikulu ya ku situdiyo kwathu, nyale ija timamanga pamwamba pa kamera, inapsa mu Ogasiti. Nthawi zonse ndikawakumbutsa bwana amangoti tiona mwezi ukatha. Ndiye Loweruka lapitali anandituma ku chinkhoswe ku Chirimba ndi kamera yodalira ka flash kake kakang'ono kodumphuka kaja. Anzanga ojambula mukumudziwa Okutobala wa m'Blantyre. Bwalo linali la dothi louma gwa, mwambo unachedwa kuyamba, dzuwa linalowa, magetsi n'kuzima, jenereta ikungokwanitsa masipika. Azimayi atalowa m'bwalo pa perekaniperekani, fumbi linangoti kobo.

Lolemba mpaka Lachitatu kunali za masiku onse: tizithunzi tomata pa mafomu, kusindikiza, kudula mafulemu, kudikira makasitomala olonjeza kuti akubwera pompano.

Lachinayi m'mawa kunalowa anthu atatu nkhope zili ndwii, ankhoswe a kuchikazi, amayi a mtsikana ndi mkamwini. Amayiwo anandilozetsa foni kumaso. "Achimwene, tatiuzeni, izi n'chiyani?" Zithunzi za usiku zinali ndi timadontho tozungulira, toyera mbuu, tina toonekera mkati. Kamodzi kanagwera pamimba pa mtsikanayo, tambiri titazungulira agogo ena ochokera kumudzi omwe anakhala chakumbali. Pa gulu la WhatsApp la banja wina anali atazunguliza kale ndi mzere wofiira. Ena ankati ndi angelo, koma ambiri ankati agogowo anabwera ndi zinthu zawo. Lolemba anali atawakweza kale minibasi agogowo.

Mtima unandiwawa, chifukwa limenelo ndi fumbi basi. Flash ikakhala pafupi ndi lenzi, galasi lija la kutsogolo kwa kamera, monga pa foni ndi pa makamera ang'onoang'ono, kuwala kumayamba kumenya tizinthu touluka pamaso penipeni pa kamera n'kubwerera m'lenzi. Kafumbi komwe kali masentimita 10 kuchokera pa flash kamalandira kuwala kochuluka ka 900 kuposa munthu woima mamita 3. Kamera imakhala ikuyang'ana munthuyo, choncho kafumbiko sikaoneka bwino, kamafufuma n'kusanduka kadontho kotengera bowo la lenzi. N'chifukwa chake pa malenzi ena timatuluka ta makona asanu ndi limodzi. Mvula yowaza ya chiperoni imachitanso zomwezi, tizilombo touluka usiku chimodzimodzi.

Ndinaona kuti kulongosola pakamwa sikukulowa. Ndinatseka makatani, n'kumenya khushoni ya mpando wathu wojambulira, yomwenso sinachapidwe chaka chino, n'kuuza mkamwini kuti ajambule khoma ndi foni yake atayatsa flash. Timadontho mbwee. Atazimitsa flash, khoma lokhalokha. Kenako ndinawatsegulira pa kompyuta zithunzi ziwiri zotsatizana, zosiyana ndi sekondi imodzi: pa choyamba kadontho kali pamimba pa mtsikana, pa chachiwiri palibe, kena kali pa sipika. Za agogo ndinawaonetsa kuti anavala zakuda, kumbuyo kwawo kuli mdima, ndipo timadonthoti timaonekera kwambiri pakuda. Pa malaya oyera a mkamwini tinalipo, kungoti sitioneka.

Ankhoswe anamva msanga. Ndinawakumbutsanso mwaulemu kuti lamulo la ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'dziko muno, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nkhani za okalamba omenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba timazimva pa wailesi, sizifuna chithunzi changa kuti chiwonjezere moto. Amayi aja sanafune kugonja. "Nanga pa ukwati wa mwana wa aneba sizinaoneke bwanji?" Ndinati mayi, uja unachitikira m'holo ya simenti, ndipo wojambula anali ndi flash yotalikirana ndi lenzi, mwinanso yoloza kudenga. Kuwala kukachokera kumbali, fumbi la pamaso pa lenzi silibweza kuwala m'kamera. Bwana anali pa kauntala akumva zonsezi.

Anthuwo atatuluka, ankhoswe atalonjeza kuti awaimbira agogo, bwana anati awachotserako mtengo, ndipo ndalamayo aidula pa malipiro anga chifukwa ati sindinapukute lenzi. Munthu wa situdiyo kunena zimenezo! Litsiro la pa lenzi likanaoneka malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, osati kumangosamukasamuka. Lachisanu lonse ndinakhala pa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, kufufuta kadontho kamodzikamodzi, msana kuchita kuuma, ovataimu osaitchula n'komwe.

Mawa kuli ukwati ku Bangwe, madyerero ake panja, madzulo. Ndawauza bwana kuti akabwereke flash kwa anzawo ku Limbe, apo ayi atumeko wina.